Kamera ya pa Ukwati wa Mlongo Wanga

Ndinabwerera ku Livingstone kuchokera ku koleji ndi sutikesi, malaya ochepa ndi mawu akuti ndikupumulako kaye. Kunyumba mawuwo anawalandira ngati mlendo wodwala, osawafunsa zambiri. Popeza ndinali nditanunkhizako mabuku a zamagetsi, chilichonse chokhala ndi waya chinakhala udindo wanga: wailesi, ayironi, ndi mlongoti wa TV umene unkafuna munthu padenga nthawi ya nkhani.

Choncho pamene mlongo wanga wamkulu ankakwatiwa, amalume atabwereka kamera ya vidiyo kwa mzungu amene ankamunyamulira mabwato a alendo, panalibe zokambirana.

"Wa ku koleji ndiye azajambula," anatero atate.

Maphunziro onse amalume anandipatsira pa geti. "Diso apa, batani lofiira apa. Ukagwetsa, usabwele ku nyumba."

Ntchitoyo ndinaigwira ndi ulemu wonse. Ndinavala tayi. Ndinkayenda chafutambuyo kutsogolo kwa akwati ngati munthu amene anabadwira zimenezo. Koma ndinali ndi chizolowezi chimene ndinachitenga pa benchi yakumbuyo ku koleji, mwinanso ndicho chokha chimene ndinamaliza kuphunzira: kuthirira ndemanga chapansipansi, nkhope ili duu. Ndinkaganiza kuti khutu la kamera limaloza kutsogolo monga diso lake. Sindinadziwe kuti linali pafupi ndi pakamwa panga kuposa pakamwa pa munthu wina aliyense m'tchalitchimo.

Tepiyo tinakaionera kwa apongozi ake a mlongo wanga ku komboni ya Libuyu. Mlamu wanga ankagwira ntchito ku njanji ndipo nyumba yakeyake anali asanaipeze, ndiye mkwatibwi anakalowa m'nyumba ya amayi a mwamuna. Anali adakali m'masiku oyenda maso ali pansi, opereka madzi atagwada. Alangizi anali atamuuza kuti masabata oyambawo ndiwo amakhazika mkazi pakhomo kapena kumuzula. Amayi a mlamu anali munthu wosalankhula zambiri, ndipo anali asanasonyeze mbali imene ali.

Anavundukula deki yoonetsera matepi pansi pa kansalu koluka. Ana a m'makomo oyandikana anadzaza pa mawindo. Ine ndinalumikiza mawaya, kenako ndinakhala pa mpando wabwino, monga mwini ntchito.

Chithunzi chinatuluka bwino, zimenezo ndiyenera kunena. Kwaya inamveka patali ngati ili kutsidya kwa Zambezi. Kenako panamveka mawu ena, apafupi, omveka ngati a muulutsi wa nkhani.

"Apa tiona mkwati. Suti ni yobweleka. Mwine wake ni wamutali, aliko panja ayembekeza."

Ana pa mawindo anaphulika. Mlamu anaseka pang'ono, nayang'ana pa TV manja a jekete imene anali atabweza kale. Ine ndinayang'ana denga, ndikudabwa limodzi ndi onse kuti munthu wopanda mwamboyo ndani.

"Aba ni batata ba mkwati. Bagona. Bazauka pa chakudya."

"Mwana wanga, chepetsako," anatero amayi, mawu ali ngati ulusi.

Ndinanyamuka, koma amayi a mlamu anakweza dzanja. "Awe, siyani. Tifuna timvele bwino."

Tinamvadi bwino. Malumbiro a akwati sanamveke, chifukwa pa nthawiyo ndinali kufotokoza za nsapato za abusa. Ku holo, kamera inapeza azakhali a mkwati akulowetsa ntchafu ya nkhuku m'chikwama, ndipo inawadikira moleza mtima mpaka atatseka zipi. Azakhaliwo anali nafe m'chipindamo, chikwama chomwecho chili pamiyendo.

A kwawo kwa mlamu akadakhala Abemba ndikadathawira ku chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala, ndikadati ife a kum'mawa timatukwanana nawo mpaka pamaliro. Koma anali Alozi, ndipo chimbuya chawo ali nacho ndi Atonga. Ndinalibe pobisala.

Kenako nkhope ya amayi a mlamu inadzaza TV yonse, wigi yatsopano ili pamutu.

"Aba ndiye bapongozi. Ba sisi, mwaloba mu nyumba ya mkango. Wigi nayo ifuna kuthaba."

Pamenepo ngakhale ana sanaseke. Mlongo wanga anali atagwada pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu. Sanandiyang'ane. Anaika thireyi pansi mosamala, nayenda ndi maondo mpaka pa mapazi a apongozi ake, nayamba kuomba m'manja. Anapepesa ngati kuti mawuwo anatuluka m'kamwa mwake. Tepi inali kupitabe, ndipo kumbuyo kwa kupepesa kwakeko ine ndinali kufotokoza za keke.

"Ba mayo, ni mwana, sanaganize," anatero.

"Mwana? Si uyu wa ku koleji?"

Atate anatsokomola.

Mawa lake atate ananditumiza ku Libuyu ndi tambala m'khwapa. Ndinayenda wapansi, ndipo pa msika anyamata anali atayamba kale kunditchula kuti ba nkhani. Amayi a mlamu anamuyesa tambalayo kulemera, namupereka kukhitchini. Anandisiya nditanjuta pabwalo mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinapempha mwaulemu kuti anditulutsire tepiyo ndikaikonze, ndikafufute mawu anga ndi nyimbo za kwaya.

"Tepi ni yanga," anatero. "Izankala mwamene ilili."

Inakhaladi momwemo. Mlendo aliyense wofika pakhomopo ankaonetsedwa ukwati, kuyambira pa suti mpaka pa wigi, mawu atakwezedwa. Wopereka tiyi kwa alendowo anali mlongo wanga. Miyezi yonse imene anakhala m'nyumbamo, anaumva ukwati wake m'mawu anga, atagwada.

Iye ndi mlamu atapeza nyumba yawo ndinapita kukathandiza kunyamula katundu. Ndinafika pa TV n'kuyamba kuzula mawaya, monga mwa udindo wanga. Mlongo wanga anaima pakhomo ndi mtolo wa mapoto pamutu.

"Siya izo," anatero. "Nyamula matilesi. Ndipo unyamule uli zii."