Galu wa bambo anga ndinamusiya padzuwa ku Chipoka

Inu owerenga, ine ndinaphetsa galu wa bambo anga. Sindinamumenye, sindinamupatse chiphe, koma amene anamupha ndine. Ena museka kuti nkhalamba yonseyi ikulira galu, poti kwathu kuno galu ndi wa kudzala ndi kuuzimba basi. Sekani, koma muyambe mwamva.

Zinali zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya. Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Halale komwe ndinkagwira ntchito pa famu ya fodya, ndipo ndinabwerako ndi chipewa, nsapato, ndi mtima wodzimva. Nditafika kwathu kwa Kaphuka ndinagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Munthu akandipatsa moni ndili pangolopo ndinkangokweza chikwapu, ati kuyankha kumeneko. Ndinkaona ngati za padziko ndazitha zonse.

Nthawi imeneyo bambo anga anali atasiya kuona. Maso awo anachita ng'ala pang'onopang'ono mpaka kuyera mbee. Chimene chinkawayendetsa chinali galu wawo, Phulusa, wotuwa, waubweya wambiri ngati agalu ena a kumapiri kozizira kuno. Palibe amene anamuphunzitsa. Iye ankangoyenda atatsamira mwendo wawo wamanzere, iwo atagwira kachingwe ka khonje komwe kanali m'khosi mwake. Pakakhala dzenje ankaima, nawonso n'kuima. Motero ankapita okha kudimba la kachewere, kutchalitchi, ngakhale kumaliro a mudzi wina. Pa nthawi ya chakudya, bambo asanaike kanthu pakamwa, ankayamba anyema kachidutswa n'kukagwetsa pafupi ndi phazi lawo lamanzere. Mayi ankadandaula kuti galu amadya asanadye eni nyumba, bambo n'kumangoseka.

Mwezi wa Okutobala tinalandira uthenga woti azakhali anga, mlongo wawo yekhayo wa bambo, akudwala kwambiri ku Chipoka, kunyanja. Iwo anakwatiwa kalekale ndi msodzi wachisilamu, a Che Amidu, ndipo panali patapita zaka zambiri bambo ndi mlongo wawoyo asanaonane. Bambo anati akufuna akamve mawu a mlongo wawo akadali moyo. Ine ndinakondwa, osati chifukwa cha azakhali, ndinene zoona, koma chifukwa ngolo yanga inali itapeza pokaonekera.

Ndinaikonza ngoloyo ngati kanyumba. Ndinapinda nsungwi pamwamba n'kufolera ndi mphasa, pansi ndinayala udzu wogonapo, kumbuyo ndinaika matumba a kachewere ndi nyemba zokapatsa odwala. Tikunyamuka ndinauza bambo kuti galuyo atsale. Anandiyankha mosakweza mawu kuti, "Ukasiya Phulusa, usiyenso ine." Basi nkhani inathera pomwepo, galu n'kudumphira m'ngolo.

Tinatsika phiri kulowera ku Golomoti titamangirira chipika kumbuyo kuti ngolo isathamangire ng'ombe. Kutsika sikunativute. Chimene chinativuta chinali kupeza poimika ngolo, pamalo poti eni ake alole ndi galu yemwe. Tsiku loyamba tinapeza banja lina lomwe linatilandira tonse. Tsiku lachiwiri tinafika pamudzi pomwe panali mbiri ya chiwewe, ndipo atangoona mchira wa Phulusa anatilozera njira. Kwina mwini khola anati galu wachilendo amudyera ana a mbuzi. Kwina anati ife tikhoza kugona, koma galu akagone kuthengo. Paliponse bambo ankathokoza mwaulemu, n'kundiuza kuti tiye patsogolo. Ine mtima unkawira. Ndinkaona kuti munthu wa ngolo ngati ine ndikukanidwa malo chifukwa cha kagalu, ndipo ndinayamba kudana naye, chonsecho iye ankangondinyambita dzanja.

Tinafika ku Chipoka m'mawa wa tsiku lachisanu, tonse tili mbuu ndi fumbi. A Che Amidu anatichingamira kunja kwa mudzi. Anali bambo wamtali, wofatsa, wovala mkanjo woyera. Anagwira manja a bambo nthawi yaitali, kenako anaona galu uja n'kuwerama pang'ono.

"Alamu, mwafika kwanu," anatero. "Koma mundikhululukire, galuyu sangalowe pabwalo panga. Ndi pomwe timaswalira, chipembedzo chathu sichilola."

Sananene monyoza ayi, ndipo sanathere pomwepo. Anatiuza kuti kutsidya kwa njanji kuli mlimi wina wa thonje yemwe ali ndi mitengo ya mango, chitsime ndi agalu ake, ndipo alendo a ngolo amaima kumeneko. Anati ndikasiye ngolo ndi galu kwa mlimiyo, iwo atsogola ndi bambo kunyumba. Bambo anamasula kachingwe kudzanja kwawo n'kundipatsa. Anamusisita Phulusa kumutu ndi kumuuza, ngati akuuza mwana, kuti adikire abweranso.

Apa ndi pamene ndinalakwa, inu owerenga. Ndinayang'ana njira yopita kunjanji, ndinamva kutopa, ndipo ndinati mumtima, ndavutika mokwanira ndi galu ameneyu. Pafupi pomwepo panali mtengo wa mlambe. Ndinaimika ngolo pamenepo. Ng'ombe ndinazimasula n'kukazisiya kudambo pamodzi ndi za eni mudzi, pamadzi ndi pamsipu, poti zinali zanga. Phulusa ndinamumangirira pachitsa, kataliko ndi ngolo kuti asang'ambe matumba, ndipo chingwecho ndinachifupikitsa kuti asathamangitse nkhuku za eni.

Mlambewo unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, monga imakhalira mwezi umenewo. Thunthu lake linali ndi mthunzi mbali imodzi, koma ine ndinasankha dala mbali ya dzuwa. Kwathu ku Dedza m'mawa kumazizira, ndipo Phulusa tsiku lililonse ankakagona kuseri kwa nkhokwe kuothera dzuwa. Choncho ndinkaona ngati ndikumuchitira zabwino. Ndinatola phale, ndinathiramo timadzi, n'kumapita.

Nditafika pakhomo, bambo anamva mapazi anga n'kufunsa ngati ndamusiya pamthunzi. Ndinati eya. Anafunsa za madzi, ndinati ndamusiyira ambiri. A Che Amidu anandiyang'ana, poona kuti ndabwerera msanga, n'kunena kuti, "Mwananga, dzuwa la kuno si la kumapiri. Likafika paliwombo, ndi mbuzi yomwe imafa." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati tsobola wakale sawawa, ine ndakhala ku Halale, angandiuze chiyani za dzuwa.

Tinalowa m'nyumba momwe munagona azakhali. Zimene ndinaona mmenemo sindidzaziiwala. Bambo anagwada pamphasa n'kuyamba kupapasa nkhope ya mlongo wawo, mphumi, masaya, mpaka anapeza kachipsera ka pachibwano komwe anamuvulaza ndi khasu ali ana. Atakapeza anati ndiwedi. Azakhali, ofooka choncho, anawagwira pamutu n'kuseka kuti tsitsi lonse lija analisiya kuti. Anayamba kutchula anthu a kwathu mmodzimmodzi, amoyo ndi akufa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ndinaona kuti ine pamenepo ndinalibe ntchito.

Ndiye kunamveka kulira kwa sitima ya pamadzi kudoko. Sitima ya pamtunda ndinali nditaikwera, koma ya pamadzi ndinali ndisanaionepo. Ndinati ndingokasuzumira pang'ono. Pang'ono pakeyo! Ndinaonerera anthu akutsitsa matumba, ndinakumana ndi mnzanga wina wa ku Halale, tinadya nsomba yootcha, tinayamba kunamizana za mabwana athu akale. Thukuta linkayenderera msana wonse. Mthunzi wa shedi ya katundu padokopo ukasuntha, nanenso ndinkasuntha nawo, kawiri, katatu, osaganiza n'komwe kuti pali wina amene sangathe kusuntha. Ndinadzakumbuka nditaponda mchenga n'kumva ukuotcha kupyola nsapato zanga zija. Pomwepo ndinathamanga.

Pamlambe paja ndinapeza a Che Amidu atagwada pansi. Ankapita kumzikiti masana pamene anamva kulira kofooka. Munthu amene moyo wake wonse sanakhudzepo galu anali atadula chingwe, atamunyamula ndi manja ake n'kumugoneka kunsi kwa ngolo. Anali atavula mkanjo wake woyera uja, kuunyika m'ndowa, n'kumufunditsa, ndipo ankamudonthezera madzi pakamwa. Ndinayang'ana pachitsa paja. Phale linali litagubuduka. Dothi lozungulira chitsa linali lokumbidwakumbidwa pomwe galuyo ankafuna pozizira, ndipo chingwe chinali chotafunidwa mpaka pakati. Mthunzi wa ngolo unali mapazi atatu okha kuchokera pomwe chingwe chinathera.

A Che Amidu sanandikalipire. Anangoti, "Kawatengeni bambo anu, msanga."

Limenelo linali tsiku loyamba ine kuwatsogolera bambo anga. Ndinawagwira pamkono, ndipo ndinawapunthwitsa kawiri chifukwa sindinkadziwa kuti munthu wosaona amayenda bwanji. Titafika anakhala pansi m'fumbi n'kuitana dzina lake. Phulusa anamenyetsa mchira pansi kamodzi. Anadzikoka pang'ono mpaka mutu wake unafika paphazi lawo lamanzere, ndipo sipanatenge nthawi, anasiya kupuma.

Bambo anamusisita. Kenako anandifunsa, "Panali mthunzi, mwananga?"

"Panalibe, bambo. Ndinanama."

"Ndinamva m'mawu ako," anatero. "Koma ndinafuna kukukhulupirira."

Akanandimenya ndi ndodo yawo, bwenzi nditapola kalekale. Mawu amenewo mpaka lero akundiwawa.

Panafunika pomukwirira, ndipo a Che Amidu anati tipite kwa mlimi wa thonje uja. Ndinamunyamula Phulusa paphewa. Inu owerenga, sikunali kutali. Tinangodutsa njanji, kutsika kakhwawa, basi tafika. Panali mitengo ya mango yogudira, pansi pozizira bwino, chitsime chapafupi, ndi agalu atatu atagona mwamtendere pamthunzi. Mwini malo anatilandira ngati abale ake. Atamva nkhani yathu anagwira pakamwa n'kundifunsa chifukwa chimene sindinabwerere m'mawa, poti malo analipo. Anatibwereka khasu, ndipo ndinakumba patsinde pa mango bambo atakhala pambali. A Che Amidu anapita kukasamba monga mwa chipembedzo chawo, nthawi ya mapemphero itawadutsa chifukwa cha galu amene sanali wawo.

Tinakhala ku Chipoka masiku angapo, ngolo ili pamango paja. Azakhali anapezako bwino, moti anatiperekeza mpaka pakhomo. Pobwerera palibe amene anatikaniza malo. Paliponse ankatilandira ndi manja awiri, ndipo nthawi iliyonse akatilandira ine ndinkamva manyazi.

Titafika kwathu, bambo anasintha. Anasiya kupita kudimba. Ndinawapezera mwana wagalu, koma anamusisita n'kundibwezera, amvekere akalamba, sangayambirenso. Ndinayesa kulowa m'malo mwa Phulusa. Ankandigwira paphewa, ine n'kumawauza kuti apa pali mwala, apa pali ngalande. Lamulungu lililonse ndinkawatengera kutchalitchi. Koma ine ndinali ndi munda, ngolo, ndi banja langa, ndipo sindikanatha kukhala pamwendo pawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munthu amene ankapita yekha kumene wafuna anayamba kukhala pakhonde kudikira kuti wina apeze mpata. Sanadandaulepo, ndipo nkhani ya ku Chipoka sanaitchulenso. Mayi atafunsa, anangowauza kuti galu anafa ndi dzuwa la kunyanja. Dzina langa sanalitchule.

Tsopano inenso ndakalamba, maso ayamba kuchita chifunga, ndipo ndi pamene ndikumvetsa chimene ndinawalanda. Mawu a akulu akoma akagonera, koma kwa ine anakoma galu ali m'dzenje.

Choncho ndikukupemphani, inu owerenga. Mukakhala pa ulendo ndi chiweto, yambani mwachipezera malo musanadzipezere nokha, ndipo mwini dera akakulozerani malo abwino, pitani ngakhale miyendo ikukana. Eni malo akakana galu wanu musawakwiyire, ali ndi zifukwa zawo, ndipo mwina ndi omwewo adzamuchitire chifundo choposa chanu. Musayese dzuwa la kwa eni ndi dzuwa la kwanu. Koposa zonse, munthu wosaona akakufunsani chimene maso anu aona, muuzeni zoona, chifukwa alibe kwina kokafunsa.

Bambo anakhala zaka zinayi chichitikire zimenezi. Pa chakudya chilichonse, asanaike kanthu pakamwa, dzanja lawo linkanyema kachidutswa n'kukagwetsa pafupi ndi phazi lamanzere. Ine ndinkawerama mwakachetechete n'kukatola, kuti akamadzuka asakaponde n'kukumbuka kuti palibe wakudya.