Ndinajambula Amalume Pakhomo la Shedi

Inu owerenga, ine ndinamangitsa amalume anga ndi pensulo. Mpaka lero ndikaganiza, mutu umaima.

Ndinakulira ku Chipoka m'zaka za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Anzanga ankakonda maboti, koma ine mtima unali pa nyumba zakale. Ndinkafuna kudziwa kuti anazimanga ndani, nanga bwanji sizigwa. Nditakhoza bwino mayeso, wansembe wina amene anatiphunzitsa kusekondale anandipezera mayunivesite awiri akunja ophunzitsa mbiri ya kamangidwe ka nyumba. Ina inali yaing'ono ndipo inkangofuna zotsatira za mayeso. Inayo inali yotchuka, koma inkafuna kuti nditumize chojambula cha nyumba yakale ya kwathu, yoyezedwa mbali zonse.

Wansembeyo anandilangiza kuti nditenge yaing'onoyo. Ine matama anali tho, ndinasankha yotchukayo kuti anthu azindiloza ndi chala. Nyumba yoti ndijambule ndinasankhanso yaikulu, shedi yakale ya katundu pa doko.

Mlonda wa shediyo anali amalume anga, a Saidi, omwe anandilera bambo atamwalira. Anali ndi mwendo wopindika ndipo kofia sankachoka kumutu kwawo. Nditawapempha kuti andilowetse, anandifunsa kuti, “Mphwanga, malo ano ndi a boma. Kodi atcheya a chipani wawadziwitsa?” Ndinayankha kuti eya, chonsecho sindinapondeko n'komwe. Ndinkaona ngati zasukulu sizikhudza anthu andale.

Buku lomwe ndinkaphunziramo kujambula linkati pachojambula pazikhala munthu woimirira, kuti woona adziwe kutalika kwa nyumba. Ndinaimika amalume pakhomo la shedi n'kuwajambula bwinobwino, kofia, mwendo uja, ngakhale makiyi a m'chiuno. Iwo anaseka n'kunena kuti basi nawonso apita kunja.

Chojambulacho ndinachitumiza pa positi, koma ndinaiwala chimene ngakhale mwana ankadziwa, kuti phukusi lopita kunja linkayamba latsegulidwa. Posakhalitsa, dzuwa lili pamutu, landirova inaima pakhomo pathu. Munatuluka anthu osavala yunifolomu ndipo anatambasula chojambula changa pamaso pa mudzi wonse. Zitseko, mazenera, miyeso, njanji yolowera pa doko, zonse zinali pomwepo ndi dzanja langa. Anati awa ndi mapu otumiza kwa zigawenga, ndipo amene anatsegula chitseko si uyu wajambulidwa apayu?

Sindinakhulupirire kuti pepala lomwe ndinkanyadira lingasanduke umboni wotere. Amalume anayang'ana chithunzicho, kenako anati, “Ndine ndithu. Mwanayu ndinamutuma ndine, sadziwa kanthu.” Ine mwini nkhani ndinangoonerera iwo akukwezedwa m'galimoto.

Ine anangondiwomba makofi n'kundiuza kuti za pasipoti ndiiwale. Yunivesite yotchuka ija inandipita, yaing'ono ija inapitira pomwepo. Ndinayamba kuyanika usipa kunyanja kuti ana a amalume asagone ndi njala.

Patapita zaka amalume anatulutsidwa, ataonda, mano akutsogolo mulibe, ntchito itatha kalekale. Anandipeza pathandala la usipa, mamba ali mbuu m'manja. Funso lawo loyamba linali lakuti, “Mphwanga, sukulu ija unamaliza?” Anayang'ana manja angawo ndipo anamvetsa okha. Munthu amene sanalire tsiku lomangidwa analira tsiku limenelo.

Achinyamata, safunsa anadya phula. Posankha sukulu musatengeke ndi dzina. Muyambe mwaona zimene ikufuna kwa inu, ndiponso amene angapwetekere pomwepo. Ndipo wamkulu akakufunsani ngati mwadziwitsa eni malo, musamunamize. Amalume anakandigwirira ndende poganiza kuti akugulira mphwawo maphunziro, koma maphunzirowo sindinawaone.