Otis wa a Casimir

A Dolores Hrabak anabadwira ku Altoona, anakwatiwira ku Altoona, ndipo ntchito anagwira m'khitchini ya sukulu imodzi yomweyo mpaka mawondo atayamba kukana. Theka la anthu a m'tauniyi linakulira chakudya cha m'manja mwawo, ndipo palibe amene anayerekezapo kunena kuti chachepa mchere. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, wosadziwa kunyengerera munthu. Besibo sankafuna n'kuiona komwe. Ankati ndi masewero a anthu oima, amuna akuluakulu kumangodikira mpira ngati akudikira basi.

Tsoka lake, mwamuna amene anawakwatira, a Casimir, besiboyo inawalowa m'magazi. Anali kalipentala ku malo okonzera sitima, munthu wofatsa koma wouma mutu kuposa matabwa amene ankapala. Ana sanakhale nawo. Nkhani imeneyi anailira ali achinyamata, kenako anaitseka osaitchulanso.

A Casimir atapuma pantchito, iwo ndi anzawo ochepa anayambitsa ligi ya besibo ya pa intaneti. Munalibe mpira weniweni, munalibe bwalo, munalibe thukuta. Munthu aliyense ankapanga wosewera mmodzi, n'kumupatsa dzina, n'kumamusankhira zoti aphunzire, ndipo kompyuta ndi imene inkaseweretsa matimuwo tsiku ndi tsiku n'kulemba mmene masewero ayendera. Sizoni inkatha miyezi iwiri, ndipo ikatha wosewera aliyense ankakula ndi chaka chimodzi. Motero munthu ankaona wosewera wake akumera ndevu, akutchuka, kenako akukalamba, iye mwini asanasinthe n'galimoto komwe. Wa a Casimir anali Otis Kimball, womenya mpira wa timu ya Akadzidzi.

M'mawa uliwonse a Casimir ankatsegula kompyutayo patebulo la kukhitchini, magalasi ali pamphuno.

"Dolly, tamvani! Otis wamenya katatu dzulo, umodzi mpaka watuluka bwalo!"

"Akamaliza kumenyako mumuuze adzakonze mpopi wa kubafa, poti bambo ake alephera."

"Mnyamatayu ali ndi dzanja, ndikukuuzani."

"Alibe dzanja, alibe mwendo, alibe ndi mutu womwe. Watengera mwini wake. Imwani khofiyo akuzizira."

A Casimir ankangoseka n'kupitiriza kuwerenga mokweza, a Dolores n'kumagwedeza mapoto dala kuti aoneke ngati sakumva. Koma ankamva zonse.

Kamodzi pachaka, mu Julaye, nyengo yotentha kumeneko, a mu ligi amene akanatha ankakumana mu holo ya ozimitsa moto. Ankawotcha masoseji, a Dolores n'kuphika pierogi, timikate toika mbatata m'kati, zodzaza mabeseni, akudandaula kuyambira kunyumba mpaka kuholo. Kumbuyo kwa holoyo kunali Khoma la Akatakwe. Wosewera amene wachita zazikulu ankamukhomera thabwa pamenepo, pamwamba dzina lake, pansi pake dzina la munthu amene anamupanga. Matabwa onsewo anawasema ndi a Casimir m'galaja mwawo, limodzi ndi limodzi, mayina a anthu ena okhaokha. Lawo panalibe, chifukwa osewera awo oyamba anali ziphwisi zenizeni. Otis yekha ndiye anali woti awakweze pakhomapo.

Malamulo olowera anali awiri. Wosewera ayambe wapuma, ndipo pa moyo wake wonse wa masewero akhale kuti anamenya bwino katatu pa mipata khumi iliyonse. Iwo ankangoti akhale ndi 300, powerengera pa mipata 1,000. Lamulo lachiwirili analilemba ndi a Casimir omwe, ndipo ankalilondera ngati galu pafupa. Wosewera wa mnzawo wapamtima, a Norbert Dietz, anapuma ali ndi 299.

"Caz, kamodzi kokha! Kakuperewera kamodzi kokha basi!"

"Ndiye kamodziko kakuperewera, Norb. Ukufuna ndikusemere?"

A Norbert anatha nyengo yonse yozizira osawalankhula.

Otis anafika zaka 35 ali ndi 312, ndipo a mu ligi onse ankadziwa kuti thabwa lake langotsala kupala. Mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho, a Casimir anatuluka kukakokolola chipale chofewa pakhomo, mtima n'kuima pomwepo. A Dolores anawapeza fosholo ikadali m'manja.

Maliro atatha, abale atabwerera kwawo, a Dolores anatsegula kompyuta ija ndi cholinga choti aithimitsiretu, aikankhire m'kabati. Maso awo anagwera pa dzina la Otis. Anali atasewera tsiku lomwe ankaika a Casimir m'manda, ndipo anamenya kawiri. Poyamba mtima unawapsa. Mwana wopanda khalidwe, bambo ako akuikidwa iwe uli kumpira! Kenako anakhala pampando wa malemuwo, n'kuyamba kuwerenga mokweza, khitchini ili zii. Anawerenga mpaka kumapeto, ndipo apo m'pamene analira kulira kumene kunakana kutuluka kutchalitchi. M'mawa mwake anatsegulanso.

Patapita masabata angapo kunabwera Lyle Petrosky, mkulu wa ligi, yemwenso anali kochi wa Akadzidzi. Anali bambo wadazi wa ana akuluakulu, koma pamaso pa a Dolores ankangoona ngati wabwereranso pamzere wa chakudya kusukulu.

"Mayi Hrabak, a Caz anandiuza kuti sizoni ino ikatha amupumitsa Otis. Pali kabatani kamodzi, mungodina. Julaye akubwerayu tikhoma thabwa, dzina la a Caz lili pansi pake. Palibe amene angakane."

"Akapuma ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti basi, sasewera."

"Nanga m'mawa alemba zotani za iye?"

"Salemba kanthu, mayi. Wapuma."

A Dolores anamuthirira khofi wina, n'kumukankhira mbale ya makeke. "Asewere sizoni imodzi yokha. Akadali ndi mphamvu."

Lyle anafotokoza mwaulemu kuti kompyuta ilibe chisoni ndi okalamba, kuti kuyambira zaka zimenezi maso amachita mdima, miyendo imalemera, ndipo kulephera kulikonse kumadya nambala ija pang'onopang'ono. A Dolores anamva bwinobwino, sanali munthu wogona. Koma 312 inkaoneka kuti ili patali ndi 300, ndipo m'mawa unali pafupi.

Sizoni imodziyo inabala inzake. Mayi amene ankanyoza besibo anaiphunzira mpaka kumatsutsana ndi akatswiri. Ankadziwa woponya mpira amene Otis amamuopa, ankadziwa mabwalo amene amamuyanja. Akamenya, ankapita kusitolo akumwetulira, n'kumapatsa moni ngakhale anthu amene anakangana nawo kalekale. Akalephera, ankamukalipira pakhitchini pomwepo: "Mpira woonekeratu ngati umenewo ukuusiya, maso ako ali kuti?" Nyumba imene ikanakhala chete inali ndi woyankhula naye. Uku nambala ikutsika, 309, kenako 305.

Itafika 302, Lyle anachita zimene ankaganiza kuti n'zachifundo. Anamukhazika Otis pabenchi mwakachetechete kuti nambalayo iime. A Dolores anatsegula kompyuta m'mawa, dzina palibe. Mawa lake, palibe. Tsiku lachitatu foni ya Lyle inalira ali kuntchito.

"Iwe Lyle, Otis wadwala?"

"Ayi mayi, ndimafuna kumuteteza. Akangotsika pang'ono..."

"Ndinkakugawira chakudya uli ndi mamina mpaka pakamwa, lero ufuna undiphunzitse kusamala munthu? Mubwezere m'bwalo."

"Mayi Hrabak, chonde. Mudinetu kabatani kaja lero lomwe. Mwatsala ndi mpata wochepa kwambiri."

"Ndamva. Mubwezere."

Lyle anamubwezera. Anthu ena amati analakwa, koma amene amanena zimenezo sanaimepo pamaso pa a Dolores.

Tsiku limene nambala inagwa kufika 299, a Dolores anaika chala pa kabatani kaja, n'kuzindikira kuti kudina tsopano n'kutseka chitseko Otis ali panja. Njira inatsala imodzi, yoti asewerebe, mwina akwere. Kuyambira pamenepo m'mawa sunalinso wokoma. Ankatsegula kompyuta ngati munthu wokaona wodwala kuchipatala. Sabata ina Otis anamenya mochititsa kaso n'kubwerera pa 300, ndipo a Dolores anati, mawa ndidina, angowonjezera kamodzi kuti akhazikike bwino. Mawa lakelo analephera kanayi. Sanakwerenso. Atakwana zaka 41 kompyuta inamupumitsa yokha, osafunsa munthu, ali ndi 298.

Lyle sanagone nazo. Anapempha ligi yonse kuti ivote, lamulo lipatuke kamodzi kokha chifukwa cha munthu amene anaiyambitsa. Pankafunika anthu atatu mwa anayi alionse kuti avomere. Amene anayendayenda kwambiri kukopa anthu anali a Norbert, omwe aja a 299. Ankaimbira foni aliyense amene anali ndi nambala yake. "Munthu ameneyu anandimana thabwa langa, ndipo mpaka lero ndikadamukwiyira. Ndiye ngati ine ndikuti alowe, iwe ndiwe ndani?" Koma ligi inali itakula. Munali achinyamata a ku Texas, a ku Canada, ena a kutsidya kwa nyanja, amene sanagwirepo dzanja la a Casimir ngakhale kununkhiza utuchi wa m'galaja mwawo. Iwowo ankangoona nambala.

Julaye wa chaka chotsatira atafika, a Dolores anaphika pierogi monga mwa nthawi zonse, ndipo ulendo uno sanadandaule ngakhale kamodzi. Anavala diresi la buluu, anakhala kutsogolo, chikwama chili pamiyendo. A mu ligi anakhoma matabwa awiri a osewera ena, osemedwa ndi makina, zilembo zake zosalala zopanda moyo. Eni ake anaimirira n'kusimba mbiri za osewera awo, anthu akuwomba m'manja. Kenako Lyle anaimirira, dazi lili thukuta lokhalokha, n'kunena kuti ovomera anapitirira theka, koma sanakwane.

Mwambo wa ligi unali woti wovota aliyense apereke chifukwa chake, ndipo zifukwazo ziwerengedwe pagulu, kuti pasakhale wobisala. Lyle anawerenga zingapo mothamanga, kenako anaima, n'kudumpha china.

"Wadumpha," anatero a Dolores.

"N'chachabechabe, mayi."

"Werenga."

Lyle anabwerera pamene anadumpha paja. Anali mawu a mnyamata wina wakutali, wosadziwa kanthu za maliro kapena za khitchini. "Otis Kimball anali katakwe weniweni. Akanapuma ali ndi zaka 35 ndikanavota inde ndi manja awiri. Sindikudziwa amene anamutenga pambuyo pake, koma anamuwononga. Ndikuti ayi, ngakhale mlandu si wa Otis."

A Norbert anamenya tebulo. "Kamwana kopanda ulemu! Ndani ameneyo? Tchula dzina!"

"Musiyeni, Norbert," anatero a Dolores. "Sananame."

Anaimirira bwinobwino, n'kupita kukhitchini ya holoyo kukatsuka mabeseni awo. Palibe amene analimba mtima kuwatsatira, kupatula a Norbert, amene analowa ndi ndodo yawo n'kutenga kansalu kopukutira mbale. Kuseri kwa chitseko anthu anali atayambanso kuyankhula motsitsa, wina akukoka mipando.

"Dolores, ine ndingathe kusema thabwa la Otis," anatero a Norbert. "Sizingafanane ndi za Caz, koma ndingayese. Tikhome kunyumba kwanu, pabalaza."

"Akanaliotcha. Mukumudziwa."

"Eya. Akanaliotcha, galu ameneyo." Anaseka pang'ono. Anapukuta beseni limodzi mpaka linauma kalekale, akulipukutabe. "Koma ndifunseko, musandikwiyire. Lyle anakuuzani. Ine ndinakuuzani. Inuyo nambala mumazidziwa kuposa tonsefe. Bwanji simunamupumitse nthawi ikadalipo?"

A Dolores anatseka mpopi. Manja awo ofiira ndi madzi otentha anagwira m'mphepete mwa sinki.

"Ndinkadziwa, Norbert. Tsiku lililonse ndinkadziwa kuti ndikudya thabwa la Casimir, pang'ono lero, pang'ono mawa. Munthu anasemera anzake onse, ine ndinangofunika kudina kamodzi." Anatembenukira kwa a Norbert. "Koma ndinali nditangoika mmodzi m'manda. Ndiye inu munkabwera ndi ulemu wanu, kudzandiuza kuti winayo ndimuike ndekha, ndi chala changa."

A Norbert anaika beseni pansi.

"Pano onse awiri apita," anatero a Dolores, "ndipo pakhoma palibe ngakhale mmodzi."