Mchira wa Kenanga

A Sarmin anakalamba limodzi ndi apusi awo. Anayamba ntchito yokolopa m'makola pamalo ofufuzira za nyama kunja kwa mzinda wa Bogor tsitsi likadali bii, ndipo pusi wamkazi wotchedwa Kenanga anabadwira m'manja mwawo. Akazi awo ankadandaula kuti bamboyu amadziwa tsiku lobadwa la pusi, koma la ana ake amachita kufunsa.

Kenanga ali wamng'ono anamujambulapo ubongo m'makina ounika m'kati mwa thupi, okhala ngati mgolo. Tsopano Dokotala Retno ankafuna chithunzi china, kuti aone mmene ukalamba wasinthira timitsempha ta kunkhongo, pomwe ubongo umalumikizana ndi msana. Koma pusi sangakhale duu m'makina olira ngati chigayo popanda mankhwala ogonetsa, ndipo mtima wa Kenanga unali utatopa.

"Tikamugonetsa, Pak Sarmin, mwina sadzuka," anatero dokotala, poti kumeneko bambo amati Pak, mayi amati Bu.

A Sarmin anagwidwa ndi mantha. "Ndiye tisamugonetse, Bu Dokotala. Ndipatseni dzinja lino lokha."

"Mukamuuza kuti agogo khalani phee?"

"Kunyumba ndinalephera, koma uyu amandimvera."

Pusi ukamamusaka nsabwe amalefuka thupi lonse. Choncho tsiku ndi tsiku ankamulowetsa m'chipaipi chofanana ndi makina aja kuti azolowere, dokotala n'kuyatsa phokoso la makina pa wailesi, iwo akupapasa ubweya wa mchira wotulukira kunja. Anzawo anayamba kuwafunsa kuti ukwati uliko liti. Iwo analibe nazo ntchito.

Makinawo amakoka chitsulo chilichonse, moti tsiku lojambula a Sarmin anasiya pakhomo lamba, buluku ndi magalasi, n'kulowa atamanga nsalu yawo yopitira kumzikiti. Popanda magalasi ankangoona mbuu. Makina atabangula, mchira unauma gwa m'manja mwawo. Zala zinapitiriza ntchito, kupatula ubweya, kutsina pang'ono, kusunthira patsogolo, mpaka mchira uja unafewa.

"Chatuluka, Pak," anatero dokotala mwachimwemwe makina atazima. "Timitsempha tonse tikuoneka. Bwerani mudzaone."

A Sarmin sanapite. Kenanga anali atatuluka ali maso, wamoyo, n'kuwakwera paphewa, ndipo tizala take tinali kale m'imvi zawo.

"Dikirani kaye, Bu Dokotala," anayankha osagwedeza mutu. "Agogo akundibwezera."