Zimene zinatsala m'paipi ya gowelo

Amuna anga anagula kalavani ali ndi imvi kale. Sinali ija yochita kukoka ayi, inali yoyenda yokha, kutsogolo galimoto kumbuyo nyumba: kabedi, kachitofu, kabafa kosatheka kutembenukiramo, ndi kamakina kochapa n'kuumitsa zovala kamene anakaikitsa pansi pa sinki. Tsiku limene anabwera nayo kwathu ku Romford, m'mbali mwa London, inadzaza pakhomo ponse, mpaka mabini tinachita kuwasamutsira kuseri. Ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno n'kuwafunsa ngati nyumba imene tinaivutikira zaka zonsezi yayamba kuwaluma.

"Tikapuma ntchito tizikayenda, mayi," anatero. "Tikalione dziko la eni akeli tisanafe."

Munthu woyendetsa basi tsiku lonse, maloto ake akapuma n'kuyendetsanso galimoto. Ndinangopukusa mutu. Kuyendako tinayenda kamodzi, kunyanja ya kum'mawa kuno, mvula inatikwapula, tinadya tchipisi titakhala pakabedi kaja, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo kalavani inaima pakhomo, ndipo ine ndinaipatsa dzina loiyenera: gowelo.

Dzinalo linagwira chifukwa linali loona. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo sindinkafuna kuti yunifomu yanga izichapidwa pamodzi ndi yawo yonunkha dizilo. Iwo sanakangane nane. Akaweruka ankalowa m'kalavani, n'kuvula za kuntchito, n'kuziponya m'kamakina kawo. Pang'ono ndi pang'ono zovala zawo zonse zinasamukira komweko, ndi juzi yawo yofiirira yomwe, imene ankaivala ngakhale kukutentha. Ankakhala mmenemo akumvera wailesi ya kumudzi pafoni, akutafuna mtedza wokazinga umene sunkasowa m'thumba mwawo. Chakudya chikapsa ndinkapita kukagogoda pazenera.

"Odi ku gowelo. Mnyamata wa muno alipo?"

"Alipo, koma sanakwatire. Mukumufuna?"

"Ndi imvi zimenezo angamufune ndani? Tiyeni chakudya chikuzizira."

Anamwalira m'nyengo yozizira, atangodwala masiku ochepa. Tinakawaika kwawo ku Ntcheu, ndipo ine sindinakhalitse chifukwa kuntchito ankandidikira. Zovala zawo zinali zidakali kuno, choncho kugawa kwake kunayenera kudikira. Mwambo wake ndimaudziwa, sindine mwana: zovala za malemu zimachapidwa zonse, zimapita kwa eni ake, iwo n'kukhala pansi n'kugawa, ndipo mkazi wamasiye amachita kupatsidwa gawo lake m'manja. Sudzitengera wekha ngati ukuba.

Mlamu wanga, mlongo wawo wa malemu, amakhala kuno komwe, ku Lewisham. Ndiye anabwera kudzandithandiza kulongedza. M'gowelo analowamo okha, ine ndinatsala panja. Anatulutsa zonse, ine n'kuzichapa m'makina a m'nyumba, aja amene ndinkakaniza, n'kuzisita chimodzichimodzi. Nditafika pajuzi yofiirira ija ndinaigwira nthawi yaitali, ndipo mlamu wanga anandiona.

"Alamu, musadzigawire nokha," anatero mofatsa. "Ikani m'box. Akakupatsani eni ake."

Ndinaika. Sanalakwe, ananena zimene ine ndemwe ndikananena kwa wina.

Katunduyo anayenda pamadzi miyezi ingapo. Tsiku logawa linandipeza ndili kuntchito, ndikusambitsa gogo wina wachizungu amene amandiitana dzina la mchemwali wake. Pa nthawi yopuma ndinatsegula foni n'kupeza zithunzi. Jekete ya kutchalitchi inali pamsana pa mphwawo. Nsapato zinapita kwa mlamu wina. Juzi yofiirira anavala amalume awo, ataima padzuwa la mwezi wotentha, akumwetulira. Ndinayang'ana zithunzi zonse kufunafuna chimene anandipatulira. Panalibe.

Si kuti anali anthu oipa mtima. Sizinawabwerere n'komwe m'mutu. Katundu amachoka kuno kupita kumudzi, sabwerera. Kutumiza juzi ku London kwa iwo kuli ngati kutumiza mbatata ya kachewere ku Ntcheu. Nanga ine ndikanayamba bwanji kufunsa? Mayi wa ku Ulaya kulimbirana juzi yakale ndi nkhalamba ya kumudzi, akanandiimba nyimbo. Ndinangoti madzi akatayika saoleka, ndinabwerera kukapukuta gogo uja. Koma zinandipweteka kwambiri. M'nyumba monse munalibe ngakhale sokosi imodzi ya munthu amene ndinakhala naye kuyambira ndili mtsikana.

Gowelo linakhala pakhomo lotseka. Ndinkalilambalala popita kuntchito ngati mmene umalambalalira munthu amene wakangana naye. Ndere zinayamba kumera padenga, tayala lina linaphwa. Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Barking ndi banja lake, anayamba kundiumiriza kuti tigulitse kalavaniyo. Chichewa amamva bwinobwino, koma poyankha amayankha m'chizungu.

"Isiye kaye," ndinkatero.

"Mum, it has to go."

Pamapeto pake ndinavomera. Anapeza banja lina lachizungu lofuna kugula. Anabwera, anatsegula paliponse, anayesa chilichonse, n'kupeza kuti kamakina kaja kakuchapa bwino koma kuumitsa ayi. Anati abweranso Loweruka masana, ndipo akapeza kakugwira ntchito atenga galimotoyo. Mwana wanga anati afuna munthu wodziwa kukonza. Ndinamuuza kuti asavutike. Sindinafune mlendo azigwiragwira mmenemo ine ndisanalowemo.

Loweruka m'mawa ndinavala chitenje pamwamba pa buluku, ndinatenga pepala lakuda la zinyalala, n'kutsegula chitseko. Ndinakoka mpweya ndikuyembekeza kuti ndimva fungo la amuna anga. Munali fungo la chinyontho basi, ngati m'kabati yosatsegulidwa. Kabedi kanali koyala, kapu yawo itavundikiridwa pasinki. Ndinaima pamenepo osadziwa poika manja.

Ntchito ndiyo inandipulumutsa. Ndinanyowetsa thaulo, n'kuliponya m'makina, n'kuyatsa. Nditalitulutsa linali lotentha koma lonyowa chinyowere. Ndinakumbuka zimene ankachita iwo. Makinawo amatulutsa mpweya wotentha kudzera m'paipi yofewa imene imachoka kumbuyo kwake n'kukatulukira m'mbali mwa galimoto, pamene pali kachitseko kapulasitiki kotseguka kokha mpweya ukamadutsa. Zovala zikamauma zimathothoka tiubweya, ndipo tiubweyato timakamatirira m'paipimo mpaka mpweya kusowa podutsa. Iwo ankaichotsa kawirikawiri, atagwada, akubuula.

"Walira mvula walira matope," ankatero ndikamawaseka. "Ndinafuna makina, ndiye ndi amenewa."

Chaka chawo chomaliza maondo ankawavuta, kugwada kunali nkhondo. Ndinazindikira kuti kuyambira nthawi imeneyo paipiyo sinagwiridwenso.

Ndinatuluka kukaona kachitseko kaja makina akulira. Kanali phee, osagwedezeka n'komwe. Ndinazimitsa magetsi, n'kufuna zida zawo. Ndinazipeza m'chitini cha mabisiketi pansi pa mpando, pamodzi ndi bulashi yozungulira yokhala ndi waya wautali wopindika. Masikulu a kachitseko anali atachita dzimbiri, ndipo limodzi linandivuta mpaka ndinalitukwana. Kenaka ndinalowa m'kati, ndinagwada pamene ankagwada iwo, ndinakoka makina pang'ono, n'kumasula chitsulo chomanga paipi. Paipiyo inatuluka yolemera ngati muli kanthu kakufa.

Ndinapisa dzanja. Choyamba kutuluka chinali chakuda, chonyowa, chomata ku zala. Ndinachiponya m'pepala la zinyalala osachiyang'ana. Ndinapisanso, ndinagwira china chouma, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono kuti chisaduke. Chinabwera chachitali, chofewa, chokhuthala ngati bulangeti lakale. Ndinatuluka nacho panja kuti fumbi lisandilowe m'mphuno, ndipo padzuwapo ndi pamene ndinachiona bwino.

Sichinali chotuwa chokhachokha monga ndinkaganizira. Chinali ndi mizere. Panali pabuluu, pa yunifomu ya basi. Panali potuwa pa mabuluku awo, poyera pa mavesiti, ndi kobiriwira pang'ono ka malaya ena amene ndinawagulira ine koma iwo ankati akuwaonetsa ngati nyakwawa ya mpira. Ndipo paliponse, mzere ndi mzere, panali pofiirira. Juzi ija inkathothoka kuposa zonse, ndinkawauza kuti tsiku lina idzathera m'makina.

Ndinachifunyulula ndi zala. Munali timakoko ta mtedza, tofiira, tochokera m'matumba amene sankakhuthula asanachape. Munali kamtengo ka machesi kotafunidwa kumapeto, kamene ankatokosera m'mano. Munalinso titsitsi toyera, tating'ono, topotana. Makina amenewa sanachapepo chovala cha munthu wina aliyense.

Ndinakhala pansi pakhomo la gowelo. Ndinachiika kumphuno, ine munthu amene kuntchito ndimauza anzanga kuti fumbi lotere ndi loipa m'chifuwa. Munali sopo, munali kadizilo patali, ndi mafuta aja ankadzola m'manja kukazizira. Ndinalira. Kumaliro ndinalira monga amalirira mkazi wamasiye, anthu atandigwira mbali zonse. Apa panalibe wondigwira. Bambo wina wa m'mseu mwathu anadutsa ndi galu wake n'kundiuza kuti kunja kwacha bwino, ine n'kumuvomera kuti kwachadi bwino.

Mkwiyo unabweranso. Ndinakwiyira mlamu wanga, ndinakwiyira amalume aja ndi kumwetulira kwawo, ndinakwiyira ndi eni gowelo omwe. Munthu wanji wosiya mkazi pakhomo ndi chigalimoto chonsechi, dziko lija munati tikaone osaliona? Ndinawauza mokweza, m'Chichewa, pamseu wa Romford. Palibe anatembenuka.

Nditatha ndinavula chitenje n'kuchiyala pansi. Ndinaikapo chiubweya chija. Ndinapisa m'pepala la zinyalala n'kutulutsa choyamba chija, chakuda chonyowacho, n'kuchiyanika pambali. Kenaka ndinabwerera ku ntchito. Ndinalowetsa bulashi kuchokera kunja, ndikuipotoza monga ankachitira iwo, ndipo chilichonse chimene inatulutsa ndinachitola n'kuchiika pachitenje. Huva yokokera fumbi ndinabwera nayo, koma sindinaiyatse mpaka nditatsimikiza kuti zala ndi bulashi zatenga zonse zimene zikanatha kutenga. Ndinabwezera paipi, ndinamanga chitsulo chake, ndinabwezera kachitseko, n'kuponyanso thaulo lija.

Kachitseko kanayamba kugwedezeka, kakutseguka n'kutseka. Ndinaima pafupi, mpweya wofunda ukundiomba m'miyendo. Thaulo linatuluka louma gwa. Ndinanyadira, ndipo nthawi yomweyo ndinazindikira kuti ndi manja angawa ndatsegulira gowelo njira yochokera pakhomo.

Ogula aja anafika masana. Bamboyo anagwira thaulo n'kugwedeza mutu. Mayiyo, munthu waulemu ndithu, anaona mulu wa pachitenje, n'kuwerama kuti andithandize kutaya m'bini.

"Siyani," ndinatero.

Liwulo linatuluka m'Chichewa, koma anamva. Anabweza dzanja n'kupepesa, akundiyang'ana ngati sakudziwa chimene walakwa. Sindinamufotokozere. Ndikanayambira pati, ku Ntcheu kapena pajuzi?

Anapopa tayala, anayatsa injini, gowelo linatuluka cham'mbuyo n'kukhota pakona. Pamene linkaima panatsala malo ouma, oyera kuposa ena onse, mabini akanatha kubwerera. Sindinawabwezere tsiku limenelo. Ndinanyamula chitenje changa n'kulowa m'nyumba, ndinadikira kuti chonyowa chija chiume, ndinamanga zonse m'mpango woyera, n'kuika m'kabati mbali imene inkakhala yawo.

Lamulungu lake, nditabwera kutchalitchi, mlamu wanga anaimba foni monga amachitira.

"Ndamva kuti caravan yapita. Muli okay, alamu?"

"Ndili bwino. Ndipo gawo langa lija ndalandira."

"Gawo la zovala? Akutumizirani?" Mawu awo anapepuka, ndipo ndinadziwa kuti nawonso nkhaniyi inkawadya. "Koma achita bwino. Ndimafuna kuwakumbutsa, manyazi basi. Akupatsani chiti?"

"Zonse."

"Zonse bwanji, poti tinaziona pa zithunzi anthu atavala?"

"Pang'ono pa chilichonse," ndinatero. "Ndi juzi yomwe. Anandipatulira okha achimwene anu."

Pafonipo ndinamva sitima ikudutsa kumbuyo kwa nyumba yawo. Kenaka anandifunsa ngati angabwere Loweruka kudzaona. Ndinawauza kuti abwere, koma asadzabwere ndi bokosi.