Malata a Pansi pa Bedi

Ndinakulira m'nyumba ya kampani, pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo. Tonse tinkadziwa kuti bambo akadzapuma ntchito tidzabweza makiyi n'kupita kwawo kwa amayi ku Masambanjati, kumene tinalibe ngakhale khola la nkhuku.

Amayi ankathyola tiyi. Mvula ikagwa masamba n'kuchuluka, malipiro ankanonako. Anzawo ankathamangira zitenje za Khirisimasi, koma iwo ankabwera ndi lata limodzi, lokulungidwa panjinga yobwereka, n'kulilowetsa pansi pa bedi. Khoswe akadutsapo, nyumba yonse inkadziwa.

Ine zinkandichititsa manyazi. Chitenje chawo chopitira kutchalitchi chinasuluka mpaka maluwa ake osaonekanso.

"Inu amayi," bambo ankatero, "malata amagula pamodzi kuti afanane. Dikirani ndalama zanga zopumira ntchito."

"Ndamva, bambo. Komatu pang'onopang'ono ndi mtolo." Chaka chinacho ankabweranso ndi lina.

Mitengo ya zinthu sinadikire munthu. Ndalama imene inagula lata loyamba, pofika nthawi yoti ndikumaliza sukulu inkangogula misomali yodzaza dzanja. Nsalu nazo zinakwera, anthu n'kuthawira kukaunjika.

Bambo atapuma anapita ku Limbe atavala jekete, ndalama zili m'thumba la m'kati. Anabwerako ndi misomali, malata ochepa opyapyala ngati chitini, ndi nkhope yakugwa. Ndinawamvera chisoni. Anakhala pabedi osavula nsapato, kenako anawerama n'kusuzumira pansi.

"Kodi angakwane amenewa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akwana," anatero amayi.

Mmisiri amene anatikhomera denga anadandaula mpaka kumaliza, poti malatawo anali ena aatali, ena aafupi, ena odera ndi ukalamba. Mpaka lero odutsa pamsewu amaliloza denga lathu n'kumaseka. Aziseka. Bambo anakalambira pansi pake osadonthedwa, ndipo adzukulu awo akusewera pakhonde pomwepo.

Nditayamba ntchito, malipiro oyamba ndinagulira amayi chitenje. Mtengo wake unali wokwera kwambiri, koma ndinalipira. Anachifunyulula, kuchisisita ndi manja awo okhakhala aja, misozi ili lengelenge.

"N'chokongola, mwanangu," anatero. "Nanga iwe pansi pa bedi lako pali chiyani?"

Anachivala Lamlungu lomwelo. Mwezi wotsatira ndinakagula lata langa loyamba.