Buku la Boma Silinatayike

Fungo la buku latsopano ndinalimva koyamba ndili Sitandade 4, m'chilimwe, mapiri a kwathu ku Dowa atada bii ndi lupsa. Linali fungo la guluu ndi inki, losakanikirana ndi kafungo ka ng'ombe, poti katoni yake inabwera pa ngolo kuchokera ku Mponela. Kufikira tsiku limenelo buku linali chinthu cha aphunzitsi okha, chamasamba ofewa ngati sanza, choyambira pakati pa nkhani n'kuthera pamene chiswe chinakhutira. Ndiye taganizani ana a ming'alu kumapazi atagwiritsidwa mabuku oti sanatsegulidwepo. Ambiri tinanunkhiza. Mnzathu wina ananyambita, n'kulengeza ku kalasi yonse kuti silikoma.

Aphunzitsi athu anali a Mbewe, bambo wamtali wolankhula ngati akuyeza mawu pa sikelo. Sankamenya mwana asanamuzenge mlandu. Nkhani ya pensulo yobedwa inkatha m'mawa wonse, mboni zikuitanidwa, woimbidwa mlandu akupatsidwa mpata wodziteteza, mpaka wolakwayo kumalakalaka akanangomenyedwa n'kupumula. Tsiku la mabukulo anatiwonetsa chidindo mkati mwa chikuto, n'kutiuza kuti bukulo si lathu, si lawo, ndi la boma. Wolitaya adzagona pa benchi n'kulandira zikoti zisanu ndi chimodzi. Popeza mabuku anali osakwanira, buku limodzi linali la ana awiri, lero ligone kwa uyu, mawa kwa uyo.

Ine boma linandigawira buku la Chingerezi pamodzi ndi Eneresi, mtsikana wochokera tsidya la kamtsinje ka m'mudzi mwathu. Bambo ake, a Yotamu, ankakhoma zidebe, ndipo m'mawa uliwonse hamala yawo inkatidzutsa tambala asanamalize kuganiza. Bukulo tinalikutira ndi pepala la simenti, n'kulimata ndi phala lotsala. Amayi ake anatisokera kachikwama ka thumba la feteleza. Ntchito tinagawana mwachilungamo: iye mawu, ine zithunzi. Ndipo pa zithunzipo ndinali katswiri. Panali china cha banja likumwa tiyi pa tebulo, galu atakhala m'nyumba momwemo, wopanda womuthamangitsa. Ndinachiphunzira masabata awiri osachimvetsa.

Banja la a Yotamu linkapemphera mpingo umene sunkalola anthu ake kugula khadi la chipani. Masiku amenewo khadi linkafunika polowa mu msika, pokwera basi, nthawi zina ngakhale ku chigayo. Ife ana zimenezi sitinkaziganizira. Chimene ndinkaona ine n'chakuti pa asembule, tonse tikung'amba kukhosi ndi nyimbo zotamanda chipani, Eneresi ankaima chilili atatseka pakamwa. Ndinkayesa ulesi, ndipo ndinkamusirira.

Lachinayi lina buku linagona kwawo. Lachisanu hamala sinalire, ndipo Eneresi sanabwere kusukulu. Titaweruka ndinawoloka kamtsinje kaja. Nyumba yawo inalipo, koma makoma okha, denga litasanduka phulusa lofunda. Nkhokwe inali chagada, nkhuku za anansi zikuchita phwando pa chimanga. Zidebe zinali zitapondedwa mpaka kuphwatalala. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kufukula phulusalo, ndipo ndikuvomera pamaso pa anthu kuti sindinkafufuza Eneresi. Akuluakulu amene ndinawafunsa anangoti apita, maso ali pa zala zawo zakuphazi.

Masiku awiri ndinagona chafufumimba, kuzolowetsa thupi zikoti za m'tsogolo. Koma monga mlonda wamkulu wa mbatata za m'nyumba mwathu, ndinazindikira kuti zikutha mosadziwika bwino, komanso kuti amayi ayamba kupita ku dimba kawiri pa tsiku, dengu litavundikiridwa ndi chitenje. Lamulungu masana ndinawalondola chapatali. Dimba analipitirira. Anakwera phiri, kudutsa m'mitengo ya masuku, nyenje zikulira mpaka m'mano, n'kukalowa m'chigafa cha bambo, chimene tinkafukiziramo fodya. Nyengo imeneyo chinkakhala chopanda kanthu, ndipo kunalibe chifukwa choti munthu apiteko.

M'kati munali mdima wonunkha utsi wakale. Maso atazolowera ndinaona a Yotamu atatsamira mzati, mutu atamanga ndi nsalu youma gwa ndi magazi. Akazi awo anali pambali. Pakona, pamene kuwala kunkalowera pa mng'alu wa khoma, panali Eneresi, kamlongo kake ka zaka ziwiri kali pamiyendo, buku la boma lili chotsegula. Mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba kuyambira Lachisanu. Linali bwinobwino, chikuto ndi chonse.

Eneresi anandinong'oneza kuti ndimusiyire kaye. Anati mwanayo akayamba kulira, chomutontholetsa n'chimodzi chokha, kumuwonetsa galu uja, ndipo kulira kwa mwana kumamveka patali m'phiri. Anati Lachitatu kubwera munthu wodzawatsogolera njira ya kumalire, ndipo bukulo adzasiyira amayi anga. Ndinawerenga ndi zala masiku anga amene wandidyera, n'kuvomera, pokhapokha nanenso ndidzalisunge masiku omwewo motsatizana. Anaseka chosatulutsa mawu, n'kunena kuti ndikafuna ndidzalisunge chaka chonse. Potsika phiri amayi anandigwira khutu kuyambira pa masuku mpaka pa dimba. "Sunaone munthu aliyense. Wamva, iwe?" Ndinamva ndithu, khutulo linali m'manja mwawo.

Lachiwiri m'mawa, tili pakati pa masamu, pakhomo pa kalasi panachita mdima. Anali a tcheyamani a chipani a dera lathu, bambo wonenepa wa jekete ya ubweya ngakhale kunja kunkaotcha, ndi anyamata atatu a malaya ofiira. Tinaimirira n'kupereka moni wokoka uja. A tcheyamani anati angodutsa kudzaona mmene ana akusamalira mphatso imene boma lawapatsa. Anapempha kuti mabuku onse akwezedwe m'mwamba. Manja anakwera, mapepala a simenti ali phephephe. Pa benchi yanga panali ine, ndi malo.

Ndinayembekezera mlandu. Ndinali nditakonzeka, poti kwa a Mbewe munthu ankapatsidwa mpata. Koma tsiku limenelo ndodo inali kale m'manja mwawo, ndipo anafika pa ine ndi mapazi atatu.

"Wataya buku. Bwera ugone apa."

"Aphunzitsi, silinatayike."

"Ndati wataya. Gona msanga, usandichedwetse."

Mawu awo ankanjenjemera, ndipo ine ndinayesa mkwiyo. Anandigwira kolala n'kundikoka, chinthu chimene anali asanachitepo kwa mwana aliyense. Ndinakakamira benchi ndi manja onse awiri. Chimene chinandiwawa si mantha okha. Kunali kupanda chilungamo kwake: wakuba pensulo ankapatsidwa mboni, ine wosalakwa ndimenyedwe ngati mbuzi yolowa m'munda, pamaso pa alendo.

"Lili m'chigafa cha bambo kuphiri! Ndaliona dzana ndi maso angawa!"

Ndimakumbukira kuti ndinanyadira, poti sindinatchule munthu. Kenako a tcheyamani anamwetulira, n'kufunsa mokoma, monga mlendo amafunsira ana, kuti kodi mnyamata wanzeruyu buku lake amagawana ndi yani. Ife tinali ana ophunzitsidwa bwino. Funso la mlendo tinkayankha tonse pamodzi, mokweza, mokoka mawu omaliza. Kalasi yonse inaimba dzina la Eneresi.

A Mbewe anasiya kolala yanga. Anaika ndodo pa tebulo, n'kuyamba kupukuta choko m'manja mwawo, nthawi yaitali, ngakhale chitatha kale.

Masana amenewo kuphiri kunafuka utsi. M'chilimwe utsi wa kuphiri si nkhani, osaka mbewa amayatsa tsiku lililonse, ndipo palibe m'mudzi anauloza. Amayi anakhala pa khonde akusenda nyemba zouma, imodziimodzi, osayang'ana kuphiriko, osayang'ananso ine. Dzuwa lisanalowe anyamata aja anabwera kudzatenga bambo. Bambo anapempha kuti avale kaye nsapato, ndipo anawalola.

M'mawa mwake pa asembule a tcheyamani anabweranso, buku lili m'manja. Anandiitanira kutsogolo n'kuuza sukulu yonse kuti uyu ndiye mwana wodziwa kusamala katundu wa boma. Anandiombera m'manja katatu, mwa dongosolo. Ulemu woterowo sindinaulandirenso moyo wanga wonse, ndipo ndayesetsa kuti usandipezenso. Nditakhala pa benchi ndinatsegula kuti ndione ngati lili lonse. Masamba onse analipo. Koma pa chithunzi cha banja la tiyi lija, galu anali atafufutika pakati pa msana, pepala litada ndi kupyapyala pamene kachala kankakhudza mobwerezabwereza. Bukulo ndinalisunga ndekha chaka chonse. Tsamba limenelo ndinkalidumpha, ndipo pa mayeso ndinakhala nambala wani, poti Eneresi, amene ankakhalapo, kunalibe.

Bambo anabwerako chimanga chitamasula, ataonda, mano awiri akutsogolo palibe. Anamanga chigafa china pafupi ndi nyumba. Sanandimenye, sanandifunse, ndipo ndikakhoza mayeso ankandigulira sikono ngati kale. Chikoti chawo ndinachidikira mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Za banja la a Yotamu nkhani zilipo zitatu. Ena amati anakwezedwa lole yolowera ku Lilongwe. Ena amati anamva phokoso msanga n'kuthawira m'chigwembe, buku n'kulisiya pansi. Wina anabwera n'kulumbira kuti anaona a Yotamu akukhoma zidebe kutsidya kwa malire. Ndimasankha imodzi malinga ndi mmene tsikulo lachera.

Mabuku sindinasiyane nawo msanga. Ananditenga mpaka ku koleji, kumene ndinakhala chaka ndi theka, kufikira ine ndi akuluakulu a kumeneko tinagwirizana mwamtendere kuti pa nkhani ya mayeso timaona zinthu mosiyana. Zaka zonsezo a Mbewe ndinali nawo chifukwa. Ndikamwa pang'ono ndinkafotokozera anzanga za mphunzitsi wankhanza amene anafuna kundimenya popanda mlandu, ndipo anzangawo ankapukusa mitu, makamaka ndikakhala kuti wogula ndine.

A Mbewe ndinakumana nawo pa Mponela, dziko litasintha kale, atakhala pa khonde la sitolo kudikira kuti akonzeredwe njinga. Anali atakalamba, tsitsi lili mbuu. Anandizindikira ndisanadzitchule, ndipo anandiyankhula ndi inu, ngati munthu wamkulu. Tinacheza za mvula ndi mitengo ya fodya. Kenako, osafunsidwa, anandiuza kuti mchere ndi mtedza zimene amayi ankanyamula m'dengu muja zinkachokera kunyumba kwa a Mbewewo.

"Cholakwa chinali changa, aPhiri," anatero. "Ndinakuzolowezani kuyankha. Tsiku lija ndinayenera kuyamba kumenya ndili chapatali, kuti mulire musanalankhule."

Ndinafuna kunena nthabwala, poti ndiyo ntchito imene ndimaidziwa, koma sinabwere. Ndili mwana ndinkadziwa motsimikiza kuti Lachiwiri lija ndinapulumuka m'manja mwa munthu wopanda chilungamo, ndipo ndinapulumuka ponena zoona. Panopa ndimadziwa kuti m'kalasi monse muja munali munthu mmodzi yekha amene ankathamangira kuphiri kukatseka chitseko cha chigafa, alibe china m'manja koma ndodo ya bulugamu. Kunkatsala tsiku limodzi kuti lifike Lachitatu. Anali ndi miyendo yaitali a Mbewe, koma ine ndinawaposa liwiro.